Tsamba limodzi m'milu iwiri

Pa yunivesite ina, m'dipatimenti ya sayansi ya makompyuta, kumapeto kwenikweni kwa khonde la nsanjika yachiwiri, kuli kaofesi kamene kale ankasungiramo mapulinta akufa. Mmenemo mumagwira ntchito mayi wina wa zaka 56, wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, amene aliyense amawatchula kuti aTadikirani. Dzina lawo lenileni lilipo ndipo linamatidwa pachitseko, koma ngakhale wobweretsa makalata saliwerenga.

Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Mnzawo akalowa akuthamanga, mano onse ali panja, kudzanena kuti pulogalamu yatulutsa zotsatira zokoma ndipo pepala la kafukufuku litumizidwe lero lomwe, iwo amavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi, n'kunena kuti, "Tadikirani kaye, ndiyendetse ndekha." Mawu amenewa agwetsa anthu ambiri mphwayi pa khonde limenelo, ndipo ena anawatukwanira mumtima. Eni akewo amadziwa, ndipo sizinawasowetsepo tulo.

Makompyuta sanayambe nawo ali mtsikana. Anaphunzitsa masamu kusekondale zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ana ankawaopa chifukwa ankachonga pepala lililonse kawiri, ngakhale la mwana amene wakhoza zonse. Kompyuta anaikhudza koyamba ali ndi zaka 31, ahedi atawatuma kulowetsamo magiredi. Chinthucho chinawakola. Anabwerera kusukulu ana awo awiri ali kale kupulayimale, ndipo amuna awo, amene panthawiyo anali dalaivala wa basi, ndiwo ankachapa mayunifolomu ndi kusita akaweruka. Anansi ankaseka mobisa. Bamboyo ankangoti munthu amene wayendetsa basi yodzadza pa msewu wa matope sangaope beseni la zovala.

Pa yunivesitepo aTadikirani anagwera m'gulu la anthu anayi, ndipo ndi mmenemo anapezera malo awo padziko. Mtsogoleri wa gululo ndi aPulofesa, bambo wamtali amene maganizo atsopano amawabwerera ngati ntchentche pa mango, koma pofika masana aiwala theka. Wachiwiri ndi aChangu, amene amalemba pulogalamu tsiku limodzi imene ena amatha nayo mwezi, ndipo saiwerenganso. Wachitatu, amene anabwera pambuyo pa onse, ndi mayi wa masamu akuthwa ndi cholembera chosalala, amene amangodziwika kuti amake mapasa. Aliyense payekha anali ndi pomwe ankaperewera. ATadikirani ali okha anatulutsa pepala limodzi m'zaka zisanu ndi chimodzi, chifukwa sankakhutira. AChangu ali okha anatulutsa ambiri, koma awiri anabwezedwa mochititsa manyazi. Ataphatikizana, ntchito inayamba kuyenda.

Lamulo la gululo linali limodzi. Pepala silituluka mpaka aTadikirani atayendetsa zonse kuyambira pachiyambi, pa kompyuta yawo yakale imene munthu wina aliyense sagwira. Izi zinkadya nthawi. Gulu la tsidya lina la khonde linkatulutsa mapepala khumi pachaka, iwo anayi kapena asanu. Chaka chilichonse mkulu wa dipatimenti akamawerenga manambalawa pamsonkhano, aPulofesa ankakanda m'mutu n'kuyang'ana kudenga. Koma mapepala 23 anali atatuluka ali ndi dzina la aTadikirani, nthawi zonse pamalo achitatu kapena omaliza, ndipo panalibe n'limodzi lomwe limene munthu analipezapo vuto. Tisabise, mayiwa ankanyadira. Sankafuna ulemu wa kutsogolo, sankasirira maulendo a kumisonkhano. Chuma chawo chinali chimenechi: kuti chimene iwo avomereza, chavomerezeka.

Tsono panali zithunzi. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, gululo linaganiza zophunzitsa kompyuta kuzindikira matenda a tomato pongoyang'ana tsamba, kuti mlimi azingojambula ndi foni n'kuuzidwa chimene chavuta. ATadikirani anayenda okha m'minda miyezi itatu, kuwerama mpaka msana kuuma, n'kubwera ndi zithunzi za masamba 12,000. Pulogalamu yotere imaphunzira ngati mwana wa sukulu. Amaipatsa mulu waukulu wa zithunzi kuti iphunzirirepo, kenako mulu waung'ono ngati mayeso. Chachikulu n'chakuti tsamba la m'mayeso lisapezeke mu mulu wophunzirira, apo ayi mwana waonera mayeso. Zithunzizo anazigawa m'milu iwiri ndi aTadikirani eni ake, ndipo mapepala atatu a gululo anaima pa milu imeneyi.

Pepala lachinayi linali la amake mapasa, ndipo koyamba dzina lawo linali kutsogolo. Ntchito yawo inali ya kontirakiti ya chaka ndi chaka, ndipo komiti yoti iwalembe ntchito yokhazikika inkafuna kuona pepala limeneli litalandiridwa. Tsiku lomaliza kutumiza linali Lachisanu masana. Lolemba anabweretsa zonse m'kaofesi muja. Pulogalamu yawo inkakhoza zithunzi 97 pa 100 zilizonse.

"Mayi, ndapota nanu, ulendo uno musandidikiritse," anatero amake mapasa, akuseka koma maso ali ofiira ndi kutopa. "Ana aja andiiwala nkhope. Dzulo mmodzi anandifunsa ngati ndabwera kudzacheza."

"Zikakhala bwino, mawa lomwe mutenga," anayankha aTadikirani.

Ndipo Lachiwiri m'mawa zinalidi bwino. Kompyuta yakale ija inalira, inatentha, n'kutulutsa 97 yemweyo. Pakanakhala munthu wina akanadzuka pomwepo kukanena uthenga wabwino. Koma tiyi anali asanazizire, ndipo podikira kuti amwe, aTadikirani anayamba kutsegula zithunzi za mu mulu wa mayeso chimodzichimodzi, mongotaya nthawi, akukumbukira minda ija. Anafika pa tsamba lina lokhala ndi bowo looneka ngati nyemba. M'mphepete mwa chithunzicho munali chala chawo chachikulu chitagwira tsambalo, ndipo pachalapo panali pulasitala. Anamwetulira. Anakumbukira waya wa pa mpanda wa mlimi wina amene anawacheka m'mawa umenewo.

Kumwetulirako sikunakhalitse. Tsamba la bowo limeneli anali ataliona kale m'mawa womwewo, pamene ankayang'ana ngati mafayilo onse atseguka, ndipo anali ataliona mu mulu winawo. Anatsegula mulu wophunzirira n'kufufuza. Linalimo, kawiri. Tsamba lomwelo, bowo lomwelo, chala chomwecho cha pulasitala, kungoti china anajambula chapafupi, china chopendekeka pang'ono.

Anakumbukira bwinobwino mmene ankagwirira ntchito kumunda: tsamba lililonse ankalijambula katatu, kuopa kuti chithunzi china chituluka chosaoneka. Pogawa, anauza kompyuta kuti isakanize zithunzi zonse n'kuziponya m'milu iwiri mwachisawawa. Inagawa chithunzi ndi chithunzi, osati tsamba ndi tsamba. Choncho pafupifupi tsamba lililonse la m'mayeso linali ndi abale ake mu mulu wophunzirira. Zaka zonsezi pulogalamu inkangozindikira masamba amene inakumana nawo kale. Ndipo panalibe amene anatsegulapo milu ija kuti aone, chifukwa ndani akanataya nthawi kufufuza ntchito ya aTadikirani?

Anatseka chitseko. Anagawanso zithunzizo moyenera, potsata nthawi imene chilichonse chinajambulidwa kuti za tsamba limodzi zigwere mulu umodzi, n'kuyendetsanso pulogalamu ya amake mapasa. Inatha Lachitatu masana. Inakhoza 81.

Munthu asaganize kuti mayiwa anadzuka nthawi yomweyo kukaulula. Anakhala pampando ola lathunthu, manja ali pamiyendo. Palibe wina padziko lonse amene ankadziwa. Akanangonena kuti zonse zili bwino, pepala likanapita Lachisanu, mnzawo akanapeza ntchito, ndipo mapepala 23 aja akanakhalabe oyera. Akanena zoona, mapepala atatu afunika kukonzedwa poyera, lachinayi liphonya tsiku, ndipo wolakwa ndi yemweyo amene wakhala akuimitsa anzake zaka zonsezi. Anachita mantha, ndipo koposa mantha anachita manyazi. Amake mapasa atagogoda kufunsa, anayankha chitseko chili chotseka kuti kompyuta ikuchedwa. Linali bodza lawo loyamba pa khonde limenelo.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Amuna awo, amene anapuma ntchito zaka zitatu zapitazo, anali pakhonde akulimbana ndi wailesi imene anaimasula sabata yatha ndipo tizitsulo tina tinkatsala nthawi zonse akaimanga. Bamboyo anawayang'ana kamodzi n'kuika sikuludilaiva pansi.

"Aphunzitsi, kwagwanji? Mwadutsa nsapato zanga pakhomo osandikalipira. Mukudwala?"

Mayiwo anakhala pa mpando wa pulasitiki n'kufotokoza zonse, za masamba, za milu, za mnzawo wa ana awiri. Bamboyo za makompyuta sadziwa, koma za kuonera mayeso anamva.

"Ndiye mlimi akajambula tsamba lake, limene makinawo sanalionepo?"

"Pa alimi asanu, mmodzi auzidwa zabodza. Ife tinalemba kuti sizingachitike kawirikawiri chotero."

"Basi, nkhaniyo mwaiweruza kale nokha, mukungofuna ndikuperekezeni." Anatola kachitsulo kamodzi n'kukayang'anitsitsa. "Koma ine chikundidabwitsa china. Ndayendetsa basi zaka makumi atatu, sindinagundepo ngakhale nkhuku. Koma pobwerera m'mbuyo pa depoti, kondakitala ankatsika n'kumamenya m'mbali mwa basi kuti ndiime. Sindinaonepo ngati akundinyoza. Inuyo kondakitala wanu ndani kuntchito kwanuko?"

"Ndilibe, bambo."

"Zaka zonsezi? Ndiye mwayenda ndi mwayi, mayi. Tiyeni mukamwe tiyi."

Lachinayi m'mawa gululo linakumana m'labu monga mwa nthawi zonse, pa tebulo lodzadza makapu ndi mawaya. ATadikirani sanazungulire. Anaika zithunzi zitatu za tsamba la bowo lija pa sikirini yaikulu, nanena kuti chala chimene akuchionacho ndi chawo, kugawa kunali kwawo, ndipo nambala yoona ndi 81. Anawonjezera kuti anadziwa kuyambira Lachiwiri, ndipo dzulo ananama.

APulofesa, amene sakhala pansi kawirikawiri, anakoka mpando. AChangu anaimba kamluzu kakang'ono, kenako anati, "Bwanji titumize mmene zililimu, tidzakonze akatibwezera? Aliyense amagwiritsa ntchito milu yomweyi."

"Amagwiritsa ntchito chifukwa tinawapatsa ndife," anatero aPulofesa. "Ayi, achimwene. Kuyendetsanso zonse ndi kuyerekeza ndi njira za ena kutenga masiku angati?"

"Masabata awiri, makina akapanda kuvuta," anayankha aTadikirani.

Apo aliyense anadziwa kuti Lachisanu lapita. Amake mapasa anatseka laputopu yawo pang'onopang'ono, ndipo polankhula mawu anali otsika, zimene zinapweteka kuposa kukalipa.

"Chaka chatha munandidikiritsa masabata atatu chifukwa cha nambala imodzi ya patebulo lachiwiri. Sindinadandaule. Ndinkauza amuna anga kuti mayi aja akagwira chinthu, ndiye kuti chagwiridwa. Mwezi uno ndasiya mwana akutentha thupi kuti ndimalize pepala limeneli." Anaima, nanyamula chikwama. "Ndipo dzulo ndinagogoda pachitseko panu."

Anatuluka. ATadikirani sanawatsatire, chifukwa panalibe mawu amene akanabweza Lachisanu.

Tsikulo linadutsa pepala lisanapite. Komiti inati nkhani ya amake mapasa idikire miyezi ina isanu ndi umodzi, ndipo panthawiyo palibe ankadziwa ngati kontirakiti idzawonjezedwa. Chaka chimenecho gululo linatulutsa mapepala awiri okha, ndipo mkulu wa dipatimenti anawerenga nambalayo pamsonkhano mokweza kuposa mmene zinkafunikira. Koma izi zinadza pambuyo. Loweruka limenelo aTadikirani anakhala patebulo la kunyumba n'kulemba kalata yopita kwa akonzi a magazini atatu amene anasindikiza mapepala akale aja. Anailemba mu fayilo ya gulu, mmene onse anayi amalembera limodzi ndipo aliyense amaona zimene mnzake wasintha. Inali kalata yaifupi. Inafotokoza cholakwikacho, inapereka manambala oona, ndipo pansi pake anaikapo dzina lawo lokha. Anaganizanso zoti Lolemba akapemphe aPulofesa kuti ntchito yoyendetsanso mapulogalamu aipereke kwa wina.

Lolemba asanapite n'komwe kwa aPulofesa, chitseko cha kaofesi chinatseguka popanda kugogoda. Anali amake mapasa, nkhope ili gwa.

"Ndipatseni zithunzi zonse, ndi kapulogalamu kamene mwagawira ulendo wachiwiriwu. Ndikaone pa kompyuta yanga."

M'zaka zonse zimene aTadikirani anakhala pa khonde limenelo, palibe munthu anawapemphapo zimenezi. Mtima unawawa ngati wapondedwa chala. Anakopera zonse n'kupereka.

Lachitatu mnzawoyo anabweranso, atanyamula pepala losindikiza. "Masamba makumi anayi akadali m'milu yonse iwiri. Tsiku lina batire la kamera linatha, munasintha, wotchi ya kamera inabwerera m'mbuyo. Kugawa potsata nthawi sikunawagwire amenewo."

ATadikirani anavala magalasi, nayang'ana mzere ndi mzere. Zinali zoona. Anadikira kuti manyazi a Lachinayi abwerenso, koma chimene chinabwera chinali china. Anamva kupepuka, ngati munthu amene wasenza mtolo ulendo wautali ndipo wina wagwira mbali ina osafunsa.

"Mwagwira ntchito," anatero. "Ine sindikanawapeza."

"Mukanawapeza, koma mwina pakanapita zaka zina zisanu ndi chimodzi." Pakamwa pa amake mapasa panagwedezeka pang'ono, koma anakana kuseka. "Musaganize kuti zatha. Ndikadakwiya."

"Kwiyani ndithu, muli ndi chifukwa."

"Kalata ija mwatumiza?"

"Ndimadikira manambala omaliza. Ndiika anuwa, ndiye ipita lero."

Anatsegula fayilo ya gulu, mnzawoyo ataima kumbuyo kwawo. Anakonza manambala, natsika mpaka pansi kuti aone ngati zonse zili m'malo. Pansi pa dzina lawo panali mayina ena atatu. Fayiloyo imasonyeza amene walemba ndi nthawi yake. APulofesa ndi aChangu anaika awo Lolemba masana. Amake mapasa anaika lawo Lamlungu m'mawa, tsiku limodzi asanabwere n'komwe kudzatenga zithunzi.

ATadikirani anatembenuka ndi mpando womwe. "Dzina lanuli lichoke. Awiriwa ntchito zawo n'zokhazikika, palibe angawagwedeze. Inu komiti ikuyang'anani. Akaona dzina lanu pa kalata yovomera kulakwa, adzati chiyani? Zithunzizi zinagawidwa inu musanabwere."

"Ndinazigwiritsa ntchito zaka zisanu osatsegulako n'chimodzi chomwe," anayankha amake mapasa. "Pa mapepala awiri mwa atatuwo dzina langa lilipo. Pamene ankatiombera m'manja ndinaimirira nawo, ndipo chithunzi chake chili pakhoma kunyumba kwanga. Ndiye lero ndibisale kuseri kwa inu? Komiti inene zimene inene."

"Mwana wanga, ganizani za ana."

"Ndaganiza Loweruka lonse. Tumizani, mayi, ndili ndi kalasi teni koloko."

ATadikirani anayang'ananso mayina anayiwo. Zaka zonsezi ankakhulupirira, ngakhale sananenepo, kuti ndi iwo amene anyamula gululo pamsana, kuti enawo amathamanga momasuka chifukwa kumbuyo kuli munthu mmodzi amene salakwa. Tsopano munthuyo anali atalakwa pamaso pa onse, ndipo amene anavulala kwambiri ndi amene anayamba kuima pambali pake, akadali wokwiya. Maso anadzadza misozi, zilembo zinasakanikirana, ndipo sanathe kuona pamene batani lotumizira linali. Amake mapasa anawerama, nagwira dzanja lawo pamodzi ndi mausi, n'kulisuntha pang'ono kumanja.

"Apa," anatero.

Anadina onse awiri, ndipo kalatayo inapita.